Masenti 14 amene anasonkhanitsa mayiko asanu ku Baghdad

Dzina la OPEC, bungwe la mayiko ogulitsa mafuta kunja, ndinalidziwira pa wailesi ndili mwana, ndipo nthawi zonse linkabwera pamodzi ndi nkhani yakuti mafuta agalimoto akwera mtengo, ndiye kuti mawa lake basi, chigayo ndi sopo zikwera nawo. Motero ndinakula ndi maganizo akuti bungweli ndi gulu la mayiko olemera amene amapangana zofinya ife amene tilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi, ife amene dontho lililonse la dizilo timachita kukalitenga ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Maganizowo sindinawataye onse. Koma nditayamba kuwerenga mmene bungweli linayambira, ndinapeza kuti anthu amene anakumana ku Baghdad, likulu la dziko la Iraq, kuyambira pa 10 mpaka pa 14 Seputembala 1960 anali nthumwi za mayiko ofooka, amene chuma chinkatuluka m'nthaka yawo koma mtengo wake n'kumalembedwa ku New York ndi ku London, eni akewo n'kumangouzidwa zitatha kale. Pempho lawo loyamba linali lakuti mtengo umene unatsitsidwa ubwezeretsedwe, ndi kuti wina asadzautsitsenso popanda kuwafunsa. Aliyense amene anaperekezapo kholo lake kukagulitsa mbewu, n'kuona ogula ochepa akutchula mtengo kwa alimi ambirimbiri amene sangabwerere nazo mbewuzo kunyumba, pempho limeneli sangalione lachilendo.

Chiyambi cha nkhaniyi chili m'mapangano amene makampani ankalowera nawo m'mayikowa. Mu 1901 mfumu ya dziko la Persia, limene lero ndi Iran, inapatsa Mngelezi wina dzina lake William Knox D'Arcy ufulu wofufuza ndi kukumba mafuta m'dera lalikulu la dzikolo kwa zaka 60, ndipo boma linalonjezedwa magawo 16 pa 100 aliwonse a phindu. Mafuta anapezeka mu 1908 ku Masjed Soleyman, ndipo kampani imene inabadwa pamenepo ndi imene inadzatchedwa Anglo-Iranian, kenako BP. Mu 1914 boma la Britain linagula magawo 51 pa 100 a kampaniyo pofuna mafuta oyendetsera sitima zake zankhondo. Mapangano a ku Iraq, ku Saudi Arabia ndi ku Kuwait anali amtundu womwewo: dera lalikulu, zaka makumimakumi, ndi kandalama kokhazikika pa tani iliyonse ya mafuta. Kampani ndiyo inkasankha pokumba, kuchuluka kwa mafuta otulutsa, kokawagulitsa ndi mtengo wake, ndipo mabuku onse a ndalama inkasunga yokha.

Makampani amene anali ndi mphamvu zimenezi anali 7 okha. Asanu anali a ku America, omwe ndi Standard Oil of New Jersey, Socony, Standard Oil of California, Texaco ndi Gulf, ndipo awiri enawo anali Royal Dutch Shell ndi Anglo-Iranian. Enrico Mattei, mkulu wa kampani ya mafuta ya boma la Italy, amene makampaniwa ankamutsekera kunja, ankawatcha achemwali 7, ndipo dzinalo linawakanirira. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti amene anayamba kupangana za msika wa mafuta ndi makampaniwa, zaka 32 OPEC isanabadwe. Mu Ogasiti 1928 akuluakulu a makampani atatu, Walter Teagle wa Jersey, Henri Deterding wa Shell ndi John Cadman wa Anglo-Persian (dzina lakale la Anglo-Iranian), anakumana mobisa m'nyumba yachifumu ya Achnacarry ku Scotland ndipo anagwirizana kuti aliyense akhale ndi gawo la msika limene ali nalo kale, asamalimbane potsitsa mitengo. Kuwonjezera apo, makampaniwa anali olukanalukana ngati mphasa. Aramco ya ku Saudi Arabia inali ya makampani anayi a ku America, kampani ya ku Kuwait inali ya Gulf ndi Anglo-Iranian, ndipo ya ku Iraq inali ya angapo a iwo pamodzi ndi Afalansa. Motero makampani ankadziwa zonse zochitika m'dziko lililonse, pamene boma lililonse linkangodziwa zake zokha.

Dziko limene linayamba kusintha zinthu linali Venezuela, limene pa nthawiyo linali patsogolo potumiza mafuta kunja. Makampani anali ataona zimene zinachitika ku Mexico mu 1938, pamene pulezidenti Lázaro Cárdenas analanda zitsime zonse n'kuziika m'manja mwa boma, ndipo sankafuna kuti zimenezo zibwerezedwe. Choncho anavomera lamulo latsopano la mafuta la mu 1943, ndipo mu 1948 Venezuela inakhazikitsa m'malamulo ake mfundo yakuti phindu lizigawidwa pakati ndi pakati, theka la boma, theka la kampani. Chaka chotsatira dzikolo linatumiza nthumwi ku Middle East kuti zikafotokozere maboma a kumeneko mmene dongosololi limayendera. Kumeneku kunali kukoma mtima kosakanikirana ndi kudziteteza, chifukwa mafuta a ku Middle East anali otsika mtengo powakumba, ndipo Venezuela inkadziwa kuti msonkho ukapitirira kukhala wochepa kumeneko, makampani adzangosamukira komweko. Saudi Arabia inapeza pangano la theka ndi theka mu Disembala 1950, Kuwait mu 1951 ndipo Iraq mu 1952.

Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna ndichedwepo pang'ono. Kuti phindu ligawidwe pakati, pamafunika kudziwa mtengo umene mafuta agulitsidwira. Koma mafuta ambiri osayenga sankafika pa msika weniweni, chifukwa nthambi ya kampani yokumba inkawagulitsa ku nthambi ya kampani yomweyo yonyamula, imene inkawapereka ku nthambi yoyenga. Choncho makampani ankalengeza mtengo wawo pa mgolo uliwonse wa malita 159, ndipo msonkho wa boma unkawerengedwa kuchokera pa mtengo wolengezedwawo. Izi zikutanthauza kuti wolipira msonkho ndiye ankasankha nambala yowerengera msonkho wakewo. Kampani ikachotsa masenti 18 pa mtengo wolengezedwa, boma linkataya masenti 9 pa mgolo, ndipo kwa dziko lotulutsa migolo 1 miliyoni pa tsiku, amenewo ndi madola 90,000 tsiku lililonse, pafupifupi madola 33 miliyoni pa chaka. Mayikowa analibenso kwina kodalira, pakuti misewu, sukulu, zipatala ndi malipiro a asilikali zonse zinkachokera m'ndalama za mafuta. Nduna ya zachuma inkatha kukonza bajeti ya chaka chonse, kenako anthu ochepa okhala m'chipinda china ku London n'kuiphwasula m'mawa umodzi.

Wina angafunse chifukwa chimene dziko lodandaula silinkangothamangitsa kampaniyo. Yankho lake linaonekera ku Iran. Kumeneko Anglo-Iranian inakana kwa nthawi yaitali kugawana phindu pakati, ngakhale kuti m'zaka zimenezo msonkho umene inkapereka ku boma la Britain unkaposa ndalama zimene inkapereka ku boma la Iran, mwini mafutawo. Mu 1951 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza kuti mafuta akhale a boma, ndipo Mohammad Mossadegh anakhala nduna yaikulu. Angelezi anachoka pa malo aakulu oyengera mafuta a ku Abadan, ndipo makampani onse aakulu anakana kugula kapena kunyamula mafuta a Iran. Dziko limene mu 1950 linkatulutsa migolo yoposa 600,000 pa tsiku linatsika kufika pafupifupi migolo 20,000 mu 1952, ndipo boma linasowa ndalama. Mu Ogasiti 1953 Mossadegh anachotsedwa pa mpando m'chiwembu chimene akazitape a America ndi Britain anathandiza kukonza, ndipo mu 1954 makampani anabwerera ku Iran ali gulu.

Chimene chimandikhudza kwambiri m'nkhani ya Iran n'chakuti dziko lonse lapansi silinamve kusowa kwa mafuta ake. Makampani anangotsegula mipope kwambiri ku Kuwait, ku Saudi Arabia ndi ku Iraq, ndipo mayiko oyandikana nawowo analandira ndalama zambiri m'zaka zomwe Iran ankavutika. Sindikuwaweruza, popeza iwo sankalamula kuchuluka kwa mafuta otuluka m'nthaka yawo. Koma phunziro lake linali loonekeratu kwa aliyense wa maso: dziko lolimbana ndi makampani palokha limagonjetsedwa ndi mafuta a mnansi wake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo panali anthu awiri, wina ku South America wina ku Arabia, amene anamvetsa zimenezi mozama kuposa anzawo.

Woyamba anali Juan Pablo Pérez Alfonzo, loya wa ku Caracas, amene anali nduna m'boma lomwe linakhazikitsa lamulo la theka ndi theka. Asilikali atalanda boma mu Novembala 1948, iye anamangidwa, kenako anakakhala ku America ndi ku Mexico. Ali ku Washington anathera nthawi yake powerenga za bungwe lina la boma la Texas lotchedwa Railroad Commission, limene ngakhale dzina lake limanena za njanji, ntchito yake yaikulu inali youza eni zitsime za ku Texas kuchuluka kwa mafuta amene angatulutse mwezi uliwonse, kuti asasefukire pa msika n'kugwetsa mtengo. Pérez Alfonzo anaona kuti chimene America ikuchitira eni zitsime ake, mayiko ogulitsa mafuta angathe kudzichitira okha. Iye ankaonanso mafuta ngati chuma chimene chidzatha, chimene m'badwo umodzi suyenera kuchimwaza pa mtengo wotsika. Boma la asilikali la Marcos Pérez Jiménez litagwa mu 1958, anabwerera kwawo ndipo pulezidenti Rómulo Betancourt anamusankha kukhala nduna ya migodi ndi mafuta.

Wachiwiri anali Abdullah Tariki, mwana wa munthu woyendetsa ngamila zonyamula katundu pakati pa Arabia ndi Kuwait. Anaphunzira ku Cairo, kenako ku yunivesite ya Texas kumene anachita maphunziro a miyala ndi nthaka, ndipo anagwirako ntchito ku Texaco asanabwerere kwawo. Atapatsidwa udindo woyang'anira za mafuta m'boma la Saudi Arabia, anasonkhanitsa akatswiri a malamulo ndi a zachuma n'kuyamba kufunsa Aramco mafunso amene kampaniyo inali isanafunsidwepo, okhudza mitengo imene inkagulitsira mafuta kwa makampani omwe anali eni ake. Ine ndimaona kuti mphamvu ya anthu awiriwa inali pamenepa. Onse anadziwa ntchitoyo kuchokera mkati, ankatha kuwerenga mabuku a kampani mzere ndi mzere, ndipo palibe akanawanamiza kuti nkhani ya mitengo ndi yozama kwambiri moti eni dziko sangaimvetse.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mafuta anachuluka pa msika kuposa ogula. Soviet Union inayamba kugulitsa mafuta ambiri ku Ulaya pa mtengo wotsika, makampani ang'onoang'ono analowa m'mpikisano, ndipo ku Libya kunapezeka zitsime zatsopano. Kunena chilungamo, makampani aakulu nawonso anali pa mpanipani, chifukwa ankagulitsa mafuta pa mtengo wotsika kuposa wolengezedwa uja koma n'kumalipira msonkho pa mtengo wolengezedwawo, kotero kuti gawo la maboma linali litapitirira theka. Dandaulo lawo linali ndi maziko. Cholakwa chawo chinali njira imene anatsata. Mu Febuluwale 1959 BP inatsitsa mtengo wolengezedwa ndi masenti 18 pa mgolo popanda kukambirana ndi boma lililonse, makampani ena n'kutsatira, ndipo mafuta a ku Saudi Arabia anachoka pa madola 2.08 kufika pa 1.90. Mwezi wotsatira pulezidenti Dwight Eisenhower anaika malire pa mafuta olowa m'dziko la America pofuna kuteteza eni zitsime a kwawo, ndipo anapatula Canada ndi Mexico koma osati Venezuela, imene inkadalira kwambiri msika umenewo.

Mu Epulo 1959 ku Cairo kunachitika msonkhano woyamba wa mayiko a Aluya wokambirana za mafuta, ndipo Venezuela ndi Iran, posakhala mayiko a Aluya, anafikako ngati oonerera. Amene anakumanitsa Pérez Alfonzo ndi Tariki anali mtolankhani, mayi Wanda Jablonski, amene ankalemba nkhani za mafuta ndipo ankawadziwa onse awiri. Atangocheza anaona kuti maganizo awo ndi amodzi. Anaitana anzawo ochepa, kuphatikizapo nthumwi za Kuwait ndi Iran ndiponso munthu wa ku Iraq amene ankagwira ntchito ku bungwe la mayiko a Aluya la Arab League, ndipo anakumana mwakachetechete pa kalabu ya mabwato ku Maadi, m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Chikalata chimene anasayina sichinkamanga boma lililonse, pakuti ena mwa iwo analibe ndi chilolezo chomwe chosayinira. Chinkangolimbikitsa maboma kuti akhazikitse komiti yokambirana za mafuta, ateteze mitengo, ayambitse makampani a mafuta a boma, ndipo akweze gawo lawo la phindu kufika pa magawo 60 pa 100, monga Venezuela inali itachitira kumapeto kwa 1958. Kwa miyezi yoposa 12 chikalatacho chinangokhala m'madilowa.

Amene anachidzutsa anali makampani eni ake. Standard Oil of New Jersey inali ndi mkulu watsopano, Monroe Rathbone, katswiri wa zoyenga mafuta amene sankadziwa bwino ndale za ku Middle East. Howard Page, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo amene ankakambirana ndi maboma a kumeneko, anachenjeza kuti kutsitsanso mtengo popanda kufunsa kudzabweretsa mkwiyo waukulu, koma mawu ake sanamveke. Pa 9 Ogasiti 1960 kampaniyo inalengeza kuti yachotsa ndalama zofika masenti 14 pa mgolo wa mafuta a ku Middle East, pafupifupi magawo 7 pa 100 a mtengo wake, ndipo makampani ena anatsatira, ena monyinyirika. Tariki anatumiza telegalamu kwa Pérez Alfonzo nthawi yomweyo. Ngakhale Shah, mfumu ya Iran, amene Mossadegh atachotsedwa anabwezeretsedwa pa mpando ndi thandizo la America ndi Britain, anakwiya. Mtsogoleri wa Iraq, Abd al-Karim Qasim, amene sankamwerana madzi ndi Gamal Abdel Nasser wa ku Egypt ndipo sankafuna kuti nkhani za mafuta zizilamulidwa kuchokera ku Cairo, anafulumira kuitanira msonkhanowo ku Baghdad. Panangodutsa mwezi umodzi kuchokera pa chilengezo cha kampani kufika tsiku lotsegulira msonkhano.

Mayiko amene anakhala pansi anali Iran, Iraq, Kuwait, Saudi Arabia ndi Venezuela, ndipo Qatar inafika ngati woonerera. Ndikaganizira kusiyana kwawo ndimadabwa kuti anagwirizana. Venezuela inali ndi boma losankhidwa ndi anthu ndipo inkalankhula Chisipanishi. Iraq inali itangopha mfumu yake mu 1958 ndipo inkalamulidwa ndi asilikali. Saudi Arabia ndi Iran anali maufumu opikisana, osiyana chilankhulo ndi kapembedzedwe, pamene Kuwait inali isanalandire ndi ufulu wodzilamulira womwe, umene unadza mu Juni 1961. Chowalumikiza chinali chimodzi, chakuti mwa mafuta onse osayenga amene ankagulitsidwa kudutsa malire a mayiko, oposa magawo 80 pa 100 ankachokera kwa asanuwa, ndipo onse ankauzidwa mtengo ndi makampani omwewo.

Zimene anagwirizana n'zochepa, moti zimakwana pa masamba owerengeka. Ananena kuti sangapitirize kukhala chete pa mmene makampani amasinthira mitengo. Anafuna kuti mitengo ibwerere pamene inali isanatsitsidwe, ikhale yokhazikika, ndipo ngati pali chifukwa choisinthira, makampani azikambirana kaye ndi boma lokhudzidwa n'kulifotokozera chifukwacho. Analonjeza kufufuza njira yotetezera mitengo pochepetsa kapena kuwonjezera mafuta otulutsa, maganizo a Pérez Alfonzo aja ochokera ku Texas. Anakhazikitsanso bungwe lokhalitsa loti azikumaniramo, lotseguka kwa dziko lililonse lotumiza kunja mafuta ambiri ngati asanuwo avomereza.

Koma mfundo imene ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa msonkhano wonsewo ndi ina. Anagwirizana kuti ngati kampani ilanga dziko limodzi chifukwa chotsatira zimene bungwe lagamula, dziko lina lililonse la m'bungwemo lisalandire mwayi umene kampaniyo ingalipatse, kaya ndi kugula mafuta ake ochuluka kapena kuwagula pa mtengo wabwino, ngati cholinga chake n'kufooketsa chigamulocho. Dzina la Mossadegh mulibe m'mawu amenewa, koma aliyense wodziwa zimene zinachitika pakati pa 1951 ndi 1953 amamuona ali momwemo. Lonjezo limeneli n'lovuta kuposa ena onse, chifukwa limafuna kuti boma losowa ndalama likane ndalama zimene zabwera zokha pakhomo, pofuna kuteteza dziko lina limene mwina sagwirizana nalo pa china chilichonse. Kufuna mtengo wabwino aliyense amafuna, ndipo sipafunika msonkhano kuti anthu avomerezane za chimenecho. Kulonjeza kuti sudzadyerapo pa tsoka la mnzako ndiko kunali kwatsopano, ndipo n'kumene kunachotsa m'manja mwa makampani chikwapu chimene anakwapulira Iran.

Dziko lapansi silinasamale kwenikweni za msonkhanowu. Chaka cha 1960 chinali chodzaza ndi nkhani zina, pakuti mayiko 17 a mu Africa analandira ufulu m'chaka chimenecho, ndipo tsiku lomwelo la 14 Seputembala ndi limene Joseph Mobutu analengeza ku Congo kuti asilikali atenga mphamvu. Makampani anakana kukambirana ndi OPEC ngati bungwe, n'kumaumirira kuti azionana ndi boma lililonse palokha monga kale. Msonkhano wachiwiri unachitikira ku Caracas mu Januwale 1961, Fuad Rouhani wa ku Iran anakhala mlembi wamkulu woyamba, ndipo ofesi inatsegulidwa ku Geneva. Boma la Switzerland silinafune kupatsa bungweli ulemu umene limapereka ku mabungwe a mayiko, choncho mu 1965 likulu linasamukira ku Vienna, kumene lili mpaka lero. Mkati mwa bungwe namonso munali mikangano. Kuwait itangolandira ufulu, Qasim ananena kuti dzikolo ndi gawo la Iraq, ndipo Iraq inasiya kufika pa misonkhano kwa kanthawi. Iran ndi Saudi Arabia ankapikisana pokakamiza makampani kuti atulutse mafuta ambiri kwawo, kotero kuti dongosolo logawana kuchuluka kwa mafuta limene linayesedwa mu 1965 silinapite patali.

Mtengo wakale uja sunabwezeretsedwe. Mafuta a ku Saudi Arabia anakhazikika pa madola 1.80 pa mgolo ndipo anakhala pomwepo zaka 10. Ena amaona zimenezi ngati kulephera, koma ine ndimaziona mwina, chifukwa m'zaka zonsezo mtengo weniweni wa pa msika unkatsikabe, komabe palibe kampani imene inayerekezanso kukhudza mtengo wolengezedwa. Kutayikako makampani anakusenza okha. Pa nthawi yomweyo bungwe linkakula, Qatar italowa mu 1961, Indonesia ndi Libya mu 1962, Abu Dhabi mu 1967, Algeria mu 1969 ndi Nigeria mu 1971, ndipo akatswiri a mayikowa anayamba kuonetsana mapangano awo, kuyerekezera misonkho ndi kuphunzitsana kawerengedwe ka makampani. Mu Disembala 1962 bungwe la United Nations linavomereza mfundo yakuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro wosatha pa chuma cha m'nthaka yake, ndipo mu 1968 OPEC inalemba mfundo yomweyo m'chikalata cha ndondomeko yake. Ntchito yachete imeneyi ndiyo inakonza njira ya zimene zinadza pambuyo pake.

Zinthu zinatembenuka mu 1970, pamene boma latsopano la Muammar Gaddafi ku Libya linapanikiza kampani ya Occidental, imene inalibe zitsime zina zikuluzikulu zothawirako, mpaka inavomera kukweza mtengo ndi msonkho. Mayiko ena anafuna zomwezo, ndipo mu Febuluwale 1971 ku Tehran makampani anakhala pansi ndi mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Persian Gulf monga gulu, chinthu chimene anachikana kwa zaka 10. Pa 16 Okutobala 1973, nkhondo ya Aluya ndi Israel ili mkati, nduna za mayikowo zinakumana ku Kuwait n'kulengeza zokha mtengo wa madola 5.12 kuchoka pa 3.01, ndipo pofika Januwale 1974 unali pa 11.65. Ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza: kukana kugulitsa mafuta ku America ndi ku Netherlands m'chaka chimenecho chinali chigamulo cha mayiko a Aluya, ndipo Iran, Venezuela, Nigeria ndi Indonesia sanachite nawo.

Apa mpamene mtima wanga umagawanika, chifukwa chipambano chimenechi ife a kuno tinachilipira. Chitsanzo cha Baghdad chinakopa mayiko ena ogulitsa chuma cha m'nthaka, ndipo mu 1967 ku Lusaka, Zambia, Chile, Peru ndi Congo anakhazikitsa bungwe la CIPEC la mayiko ogulitsa mkuwa. Koma mkuwa ndi wosiyana ndi mafuta. Umatha kusungunulidwa n'kugwiritsidwanso ntchito, pa ntchito zambiri aluminiyamu amalowa m'malo mwake, ndipo mayiko ena okumba mkuwa wambiri monga America ndi Canada sanali m'bungwemo. Kuwait kapena Saudi Arabia, pokhala ndi anthu ochepa ndi ndalama zambiri, ankatha kuchepetsa mafuta otulutsa osagona ndi njala, pamene Zambia inkafuna ndalama ya tani iliyonse. CIPEC inayesa kuchepetsa mkuwa wotumiza kunja mu 1974, koma mtengo unagwa ndipo sunadzuke msanga, pa nthawi yomwe ndalama zogulira mafuta zinali zitakwera pafupifupi kanayi. Zambia inamenyedwa mbali zonse ziwiri, ndipo mayiko ambiri osauka ogula mafuta analowa m'ngongole zimene zinawalemera kwa zaka zambiri. OPEC inakhazikitsa thumba lothandiza mayiko otere mu 1976, koma thandizolo linali laling'ono poyerekeza ndi ndalama zimene zinkatuluka. Ndimavomereza ndi mtima wonse kuti anthu a ku Baghdad anali ndi chifukwa chomveka, ndipo ndimadziwanso kuti lonjezo lawo losadyerana linali la iwo okhaokha, silinafike kwa wogula wosauka.

Anthu awiri amene anayambitsa zonsezi sanakhalitse pa maudindo awo. Tariki anakhala nduna yoyamba ya mafuta ya Saudi Arabia mu Disembala 1960, koma mu 1962 anachotsedwa pamene kalonga Faisal ankatenga mphamvu m'banja lachifumu, ndipo malo ake anatenga Ahmed Zaki Yamani, amene anakhalapo mpaka 1986 n'kukhala nkhope ya OPEC imene dziko linaidziwa. Tariki anathera zaka zambiri kunja kwa dziko lake, akulangiza maboma ena ndi kulemba za mafuta. Pérez Alfonzo anatula pansi udindo mu 1963, atakhumudwa kuti mayiko anzake akuthamangira kutulutsa mafuta ambiri m'malo mowasunga. Ndalama zitasefukira ku Venezuela pambuyo pa 1973, anthu akusangalala, iye ankachenjeza kuti chuma chobwera mofulumira chotero chidzapha ulimi, chidzabweretsa katangale ndi ngongole, ndipo mafutawo anawatcha ndowe za Satana. Anamwalira ku Washington mu Seputembala 1979, mtengo wa mafuta ukukweranso kachiwiri chifukwa cha kugwa kwa Shah ku Iran. Tariki anamwalira mu Seputembala 1997 ku Cairo, mzinda umene awiriwa anakumaniranamo koyamba zaka 38 m'mbuyomo.